Zishalo Ziwiri

Famu ya Witkrans,
Doringkuil, Free State.
20 Ogasiti 2006

Okondedwa Gys,

Ndalemba kuti okondedwa chifukwa kalata imayamba choncho, komanso chifukwa n'zoona, ngakhale tsiku lija ndinakudulira lamya mawu ali m'kamwa. Sindipepesa. Ukundidziwa, mtima wanga uli pafupi, ndipo msinkhu ndafikawu sindingasinthenso. Koma funso lako lija lakana kundichoka. Unafunsa kuti, "Kodi Bambo anandifunsako asanamwalire?" Ine ndinati ayi. Sindinaname. Kungoti ayi ameneyo ndi wamfupi ngati bulangeti la mwana, ukafunda kumutu mapazi ali pamtetete. Ndiye khala pansi uwerenge zotsalazo. Sukulu ndinalekera panjira iwe n'kupitiriza, choncho ukapeza zolakwika m'kalembedwe uzisunge mumtima, usandiuze.

Kuno kukuzizira kodetsa nkhawa. Chisanu chawaula udzu wonse mpaka kumtsinje, ndipo nkhosa zayamba kuswa nyengo isanakwane. Maluwa unatumiza aja anafika bwino, anali okongola, anthu anawayamikira. Pamanda anakhalapo tsiku limodzi, m'mawa mwake chisanu chinali chitawadetsa. Ine ndili bwino. Ndimaiwala n'kuphika chakudya cha anthu awiri, ndiye agalu akunenepa.

Unamva kuti boma latseka magulu a komando m'dziko muno. Lakwathu kuno linatsekedwa m'mwezi wa Malichi. Ndikudziwa kuti pofika apa wakwinya kale nkhope, koma pirira, chifukwa nkhani ya Bambo sungaimve popanda nkhani ya gululi. Ana ena amakulira mumpingo, iwe ndi ine tinakulira m'komando. Alimi masiku onse, asilikali tsiku loitanidwa. Ukukumbukira mmene Bambo ankatifotokozera za agogo awo. Ankati wokwera hatchi akafika pachipata n'kufuula kuti "Mangani zishalo," munthu ankasiya pulawo pakati pa mzere, n'kutenga hatchi yake, mfuti yake, nyama youma ndi buledi wouma m'thumba, osafunsa kuti tibwerako liti. Ndipo munthu akatuluka choncho sankavula jombo, ngakhale pogona, mpaka womuposa udindo atanena mawu ena aja akuti "Masulani zishalo." Choncho ndi mmene anapitira kunkhondo ya Angelezi, ndipo ochepa amene anabwerako anapeza nyumba zili phulusa. Hatchi zinatha, anthu anayamba kuyenda pa mapikapu, ena mwa anyamata a masiku ano sanagwirepo chishalo ndi dzanja, koma mawu awiriwo gulu lathu linawasunga ngati mbewu. Kukabuka moto m'tchire, mangani zishalo. Akuba akakusa ng'ombe, mtsinje ukasefukira, mwana akasowa m'mapiri, mangani zishalo. Ndipo palibe ankabwerera kwawo osamva mawu achiwiriwo.

Ine ndinali pakamwa pa gululi. Wailesi ya mauthenga ndinaiphunzira ndekha, kuimasula ndi kuimanganso patebulo la kukhitchini, Mayi akulalata kuti ndikuwadetsera nsalu. Chiyambire utsikana wanga, m'mawa uliwonse ndinkaitana mafamu onse limodzi limodzi: "Kwacha, muli angati?" Famu iliyonse inkayankha kuti zishalo zingati, kutanthauza amuna amene angatuluke ataitanidwa. Famu ikapanda kuyankha, oyandikana nayo ankaliza galimoto kukaona. Anthu angapo ali moyo lero chifukwa cha funso laling'onolo.

Tsiku lotseka, ndine ndinaulutsa lamulo lomaliza m'mawa: gulu lonse la Doringkuil, mangani zishalo, tikakumane pabwalo la tchalitchi. Bambo anavala yunifolomu yawo, yomwe tsopano inkawalendewera ngati thumba, n'kupukuta jombo mpaka kuwala. Komandanti wathu, a Wynand, anali atamwalira mu Januwale, ndipo wachiwiri wawo anali atasamukira ku Zambia kukalima. Ndiye mwambo anauyendetsa mkulu wina wa asilikali wochokera kumzinda, munthu waulemu ndithu koma mlendo. Anawerenga pepala lake, dzina la tauni yathu n'kulipotoza kawiri. Mbendera inalowetsedwa m'tchalitchi, mfuti zinalowa m'lole. Kenako anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti, "Zikomo nonse, mutha kupita." Anthu anabalalika kukamwa tiyi m'holo.

Bambo sanasunthe. Ndinawapeza ataima chilili pabwalo, manja m'mbali.

Ndinati, "Bambo, tiyeni, makeke atha."

Iwo anati, "Watimasula ndani?"

"Mkulu uja wanena kuti tipite."

"Kupita ngakhale galu amapita. Ndikufunsa kuti watimasula ndani?"

Ndinaseka, Gys. Ndinawagwira mkono n'kuwakokera kugalimoto ndikuseka.

Mutu wawo unali utayamba kale kusokonekera chimwalirire Mayi, ndinakuuzapo palamya iwe n'kunena kuti ndi ukalamba chabe. Poyamba zinali zazing'ono. Ankavala yunifolomu masana, n'kukhala pafupi ndi wailesi yathu ya kukhitchini, ija anagula okha, imene asilikali sanatenge. Ine ndinkatuluka m'mawa kukakhala m'pikapu n'kuwaitana pa wailesi ya m'galimoto ngati kale, iwo n'kuyankha, tsiku n'kuyenda bwino. Ndinkati palibe cholakwika, ndi masewera osavulaza munthu. Koma itafika Julaye anakaniratu kuvula jombo. Pabedi anasiya kugonapo, ankagona pampando atafunda bulangeti. Ndikayandikira zingwe za jombo ankandimenya dzanja ndi ndodo. Tsiku lina anandiponyera kapu, ine n'kuwaponyera mawu amene sindingawalembe pano.

Ndipo ukudziwa za matenda awo a shuga. Mapazi anatupa mkati mwa jombomo, zikopa n'kuchita kunjanja. Fungo linayamba kumveka m'khitchini. Nesi atabwera anandiitanira pakhonde. Anati, "Mayi, jombozo zichoke sabata ino. Zikapanda kuchoka tibwera ndi ambulansi, tiwamange manja, tikazidule kuchipatala, ndipo mwina tikadula ndi mwendo womwe." Ndinawayang'ana Bambo pawindo, munthu amene sanagwidwepo ndi mwamuna mnzake chibadwire, ndipo ndinadziwa kuti akawamanga pamachira adzafa akukuwa ngati wogwidwa ndi adani. Chimenecho chokha ndicho ndinkaopa. Za imfa ndinali nditavomera kale.

Ndinayesa ndekha. Ndinapita m'pikapu n'kunena pa wailesi kuti, "Witkrans, masulani zishalo." Anayankha msanga, mawu ali gwa, akunditchula dzina lathunthu osati Drienie.

"Iwe ndiwe pakamwa chabe, Hendrina. Walamula ndani?"

Ndinati, "A Komandanti Wynand."

"Wynand ndinamunyamula ndi phewa langali kupita naye kumanda. Usandiyese chitsiru."

Waona mutu wa nkhalamba? Dzina la galu wake waiwala, koma bokosi la mnzake akulikumbuka kulemera kwake.

Ndi pamene ndinakuimbira lamya. Ndinaganiza kuti m'mutu mwawo wamkulu amene watsala ndi iweyo, Kaputeni Gysbert, mwana wawo, ndipo ndikaika lamya pakamwa pa wailesi adzamva mawu ako. Iwe unati, "Drienie, mawu a gulu limenelo sadzatulukanso pakamwa panga. Ndinalumbira." Unatchula nyengo yozizira ya '86, pamene anakutumizani kulokeshoni ya anthu akuda, zitseko zimene munathyola, ana a sukulu amene munakweza m'malole. Unati sunawoloke nyanja kukakama ng'ombe za eni ku New Zealand kuti uzikaseweranso zausilikali palamya. Unati ndiwapatse mankhwala ogonetsa.

Sindikukutsutsa. Zimene unanenazo zinachitika, ndipo mauthenga ake anadutsa pakamwa panga. Gulu limeneli linazimitsa moto, linavuula anthu m'madzi, akuda ndi oyera omwe, ndipo linathyolanso zitseko za anthu osalakwa. Zonsezo mbendera yake ndi imodzi, ija yapachikidwa m'tchalitchi. Bambo sankafuna kumva theka lachiwirilo, iwe sunkafuna kumva loyambalo, n'chifukwa chake munaswa mbale patebulo tsiku lija n'kusiyana osagwirana chanza. Koma ine sindinkakupempha kuti uyeretse gulu. Ndinkapempha mawu awiri chifukwa cha mapazi a nkhalamba. Basi, ndanena, sindibwerezanso.

M'mawa mwake ndinapita m'tauni kwa Malefetsane Tlali. Sukumudziwa, analowa m'gulu iwe utachoka, nthawi imene anayamba kulandira anthu akuda. Anafika pa usajeni. Panopa ali ndi kashedi komatira matayala kuseri kwa sitolo ya alimi. Ndinasankha iyeyo chifukwa ali ndi mawu akulu, ndipo kalankhulidwe ka pa wailesi ndinamuphunzitsa ndine. Ndinamupeza atagwada pa tayala la thirakitala.

Anati, "Mayi Drienie, mwabwera ndi tayala kapena ndewu? Nkhopeyo ndi ya ndewu."

"Ndabwera kudzapempha, ndipo kapemphedwe sindikadziwa, ndiye usandichedwetse."

"Dikirani ndiitane anthu adzaone. Mayi Drienie kupempha? Mvula igwa lero lomwe."

"Ukamaliza kuseka undiuze."

Ndinamufotokozera zonse. Ndinati ndikufuna abwere mawa m'mawa, akhale m'pikapu, alankhule pa wailesi ngati Kaputeni Gys. Wailesi imachita phokoso, nkhalamba siizindikira. Anaika chitsulo chake pansi, n'kupukuta manja pa ovololo nthawi yaitali kuposa mmene anadera.

Kenako anati, "Chitseko cha mayi anga mukuchidziwa? Mpaka lero sichitsekeka bwino, timachita kuchitsamiritsa mpando. Phazi limene linachithyola ndi limodzi mwa mapazi mukufuna kupulumutsawo."

Ndinati, "Sindinkadziwa kuti anali Bambo."

"Mwadziwa tsopano. Ine ndinali pansi pa tebulo. Ndinayamba kuona jombo, nkhope ndinaiona potuluka. Ndipo zaka zonse ndakhala m'gululi, bambo anuwo akandiona pabwalo ankayang'ana nyerere pansi."

Ndinati, "Ndiye ingonena kuti ayi ndizipita."

"Ndanena kuti ayi? Vuto lanu a pa Witkrans, mumayankha munthu asanamalize kutsokomola. Ndibwera. Koma dzina la mlongo wanu sindibwereka, ndili nalo langa. Ndikalankhula ngati Sajeni Tlali."

"Sakakumvera."

"Ndiye adzakhala ndi jombo zawo."

Ndinamufunsa kuti nanga akubwereranji, popeza ine sindikonda kuchitiridwa chifundo chosadziwika mutu wake. Anati, "Si chifukwa cha iwowo. Ine ndinalowa m'gulu lanuli chifukwa akuba anatha ng'ombe za mayi anga, apolisi ali kutali. Kulokeshoni anzanga anandisala, ati ndavala khungu la afisi. Ndinaphunzira miyambo yanu yonse, ya nzeru ndi yopusa yomwe, kufuulira zishalo ine hatchi ndimaiopa. Ndiye tsiku lomaliza n'kutimwaza ngati nkhuku? Inu munaona bambo anu ataima pabwalo paja. Mukanacheuka mukanandiona inenso. Zinandiwawa, Mayi. Ndipo zinandiwawanso kuti zikundiwawa."

Anafika dzuwa likutuluka, chisanu chili mbuu pamipanda. Anali atavala malaya ake a usilikali pamwamba pa ovololo. Sanalowe m'nyumba, anangolunjika m'pikapu. Ine ndinakhala m'khitchini pafupi ndi Bambo, ngati ndikukoleza mbaula. Wailesi inakhosomola.

"Witkrans, Witkrans, kwacha. Muli angati?"

Bambo anasolola dzanja m'bulangeti, n'kugwira cholankhulira. "Witkrans. Zishalo ziwiri."

Usadabwe, Gys. Apa ndi pamene ndimafuna ufike. Chichokere iwe, yankho limenelo silinasinthe. M'mawa uliwonse, zaka zonsezi, mutu wawo ukadali bwinobwino, chigwa chonse chikumvera, Bambo ankayankha kuti zishalo ziwiri. Chaka choyamba anthu ankaseka. A Wynand anawaitanira pambali n'kuwauza kuti, "Sarel, mnyamatayo anatula udindo, anapita." Iwo anati, "Kwa ine sanatule." Kenako anthu anazolowera. Dzina lako sankalitchula patebulo, makalata ako ankandisiyira ine kuti ndiwerenge, ndikamawerenga mokweza n'kumanamizira kusaka fodya wawo. Koma m'mawa ankakuwerenga. Sindinakuuzepo chifukwa ndinali nditakukwiyira, ndipo ndinkaona ngati sukuyenera kuwerengedwa. Ndanenatu kuti sindinama.

Wailesi inalankhulanso. "Witkrans, muno ndi Sajeni Tlali. Ndili ndi lamulo. Mwakonzeka kulandira?"

Ndinati basi zatha, Bambo aponya wailesiyo pansi. Anatembenuka n'kundiyang'ana, maso ali oyera bwino ngati a kale.

"Ndi mwana wa Tlali uja wa kulokeshoni?"

"Inde, Bambo."

"Ali ndi mizere ingati?"

"Itatu."

Anayang'ana mizere ya udindo pamkono pawo. Iwiri. Ndinali nditaiwala, Gys, ine amene ndimadzitama kuti gululi ndimalidziwa ngati chikhato changa. Bambo anakhala kopolo moyo wawo wonse. Ankakana kukwezedwa, ankati udindo umanenepetsa khosi. Ine kuvutika kusaka kaputeni kutsidya kwa nyanja, pamene mizere itatu ili m'tauni momwemu ikumata matayala. Ndinali nditagamula ndekha kuti Bambo sangamvere munthu wakuda, ndipo mwina pamsewu sakanamumvera. Koma iyi inali wailesi ya gulu.

Anadziwongola pampando, bulangeti n'kugwa. "Kopolo Greyling pano. Nenani, Sajeni."

Malefetsane sanafulumire. Ananena pang'onopang'ono, ngati akuitana mafamu onse amene mawailesi awo anazima kale. "Ntchito yatha. Gulu lonse la Doringkuil, kuchokera kumtsinje mpaka kuphiri, amoyo ndi ogona, masulani zishalo."

Za amoyo ndi ogonazo si za m'mwambo, anawonjezera yekha.

Bambo anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Anati, "Ndamva, Sajeni. Chimodzi ndamasula." Chala sanachotse pa cholankhulira. "China chikadali kunja. Mwini wake sanabwere."

Ndinasuzumira pawindo n'kuona Malefetsane atatsamiritsa mphumi pachiwongolero. Kenako anati, "Tichidikira, Kopolo."

Bambo anakoloweka cholankhulira pamalo pake, bwinobwino ngati mmene ankachitira, n'kutambasula mwendo. Anati, "Hendrina, ukuyang'ana chiyani? Sunamve? Vula."

Sizinavuke. Ndinachita kuzidula ndi lumo lometera nkhosa, chidutswa chidutswa, iwo atagwira mpando osatulutsa liwu. Zimene ndinapeza mkatimo sindilemba. Ndili pakati posambitsa, Malefetsane anafika pakhomo n'kuima, chipewa chili m'manja. Bambo anamuyang'ana kumaso, koyamba.

Anati, "Lowani, Sajeni, mukulowetsa mphepo. Tsekani chitsekocho."

Analowa, n'kutseka. Anachitsegulanso pang'ono, n'kutsekanso. Anati, "Chanu chimatsekeka bwino, Kopolo."

Bambo sanayankhe. Kaya sanamve, kaya anamva, sindikudziwa, ndipo sindikupangira nkhani yokoma imene sindinaione. Panalibe kupepesana, panalibe misozi. Anangondiuza kuti ndimuthirire Sajeni khofi, m'kapu ya alendo. Malefetsane anamwa ataimirira, n'kunena kuti khofi wanga angamate tayala, n'kumapita.

Tsiku limenelo Bambo anagona pabedi, mapazi ali m'nsalu zoyera. Nesi anabwera, anayang'ana, n'kupukusa mutu, anati poizoni walowa kale m'magazi. Za ambulansi sanatchulenso. Bambo sanafunsenso za wailesi. Ankagona kwambiri, akadzuka n'kufunsa ngati nkhosa zamwa. Sabata isanathe anapita, masana, dzuwa likuwawomba kumapazi. Tinawaika opanda nsapato. Abusa anadabwa, ine ndinati asafunse. Amuna a m'gulu amene atsala ananyamula bokosi. Malefetsane anabwera koma anaima kumbuyo, ndipo nditamukodola kuti adzagwireko anapukusa mutu. Sindinamukakamize.

Ndiye yankho lako ndi limenelo. Sanakufunse. Munthu amafunsa za amene wachoka.

Sabata yatha ndinapititsa tayala lenileni kwa Malefetsane. Ndinamuuza kuti ndikufuna kukulembera, ndipo ngati ungabwere, mwina angakuchitire zimene anawachitira Bambo. Anaseka. Anati, "Mayi Drienie, mwambo munandiphunzitsa ndinu, mwaiwalanso? Sajeni salamula kaputeni. M'chigwa chonsechi palibe wotsala womuposa. Ameneyo adzimasule yekha." Anatinso ukadzabwera udzapite ukaone chitseko cha mayi ake, ati anamva kuti unali ndi luso la ukalipentala. Sindinathe kudziwa ngati ankaseka.

Ine sindikulamula, ndine pakamwa chabe. Sindikunenanso za famu, kaya tigulitsa kaya ayi, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ndikungoti mawu awiri unawakana aja akadalipo, ndipo tsopano si a Bambo. Unawoloka nyanja, unasintha dziko, unalumbira malumbiro ako, koma ndimamva mmene umapumira palamya. Iwenso umagona ndi jombo, mlongo wanga. Bwera mu Okutobala, kukayamba kufunda. Udzanene mawuwo pamanda, kapena m'khitchini, kapena pakhomo la mayi a Malefetsane uli ndi hamala m'manja, ine ndidzatuluka panja kuti ndisamve. Ukadzafuna kubwerera ndidzakuperekeza ndekha kubwalo la ndege, ndipo sindidzaswa mbale.

Undiperekere moni kwa mkazi wako Annelie. Umuuze kuti chithunzi cha ana chija chili pamwamba pa wailesi, Bambo ndiwo anachiika pamenepo, ine ndinkachisiya m'kabati. Anawo uwapsompsone, ngakhale sakundidziwa, uwauze kuti ali ndi azakhali aukali amene amawotcha buledi wouma wokoma kuposa wa aliyense m'boma lino. Wailesi ndimaitsegulabe m'mawa pomwe ndikuwiritsa madzi. Palibe amaitana. Koma wina atati afunse, yankho ndili nalo: Witkrans, chishalo chimodzi, chikadali kunja, tikuchidikira.

Ndine mlongo wako,
Drienie